Khalani Pansi, Ana a Timapepala Tomata

Khalani pansi nonse. Iwe wa ndevu, laputopu sithawa, tseka. Nawe mkazi mnzanga, chotsa tizingwe m'makutumo. Pali mlandu pano, ndipo wodandaula ndine, mboni ndine, woweruza ndinenso. Apilo kulibe.

Chifikireni mwakhala mukukangana. Uyu akuti timu yathu iyambe Scrum, uyo akuti Scrum idatha fasho, tiyeni Kanban. Wina akuti ku Spotify amachita zakutizakuti. Wamng'ono uyu, amene dzana lomweli ndinkamupukuta mamina, watulutsa chithunzi cha SAFe chodzaza mabokosi ndi mivi, akuti mankhwala ndi amenewa. Ine phee, kumvetsera, kudikira kuti mwina wina atchula ntchito imene mukugwira, kapena munthu amene adzagwiritse ntchito pulogalamu mukupangayo. Nsima mpaka kuzizira, palibe wamutchula. Mayina a njira okhaokha, aliyense kukokera kwake.

Ndikudziwa zimene mukunong'onezana, kuti tsobola wakale sawawa, gogo angadziwe chiyani za agile. Ine ndinkalemba COBOL amayi anu ali kumsana, pa makadi obowola, ndipo ukaphonya kadontho kamodzi unkadziwa mawa lake makina atakubwezera mtolo wonse. Komabe malipiro a anthu ankatuluka pa tsiku lake. Ntchito ndidapuma, maso sadapume. Mabuku amene mumagula n'kuwaimika pa shelefu kuti azioneka kumbuyo kwanu pa Zoom, amawerenga ndine.

Tiyambe ndi agile yanuyo. Mu February 2001 amuna 17 adakumana ku Snowbird, m'mapiri a ku Utah, ku America. Amuna okhaokha, mkazi ngakhale mmodzi. Umenewo ndi mlandu wa tsiku lina. Sadali anthu a maganizo amodzi. Kent Beck, Ward Cunningham ndi Ron Jeffries adali a Extreme Programming, Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland adali a Scrum, Alistair Cockburn adali ndi yake yotchedwa Crystal, Arie van Bennekum adabwera ndi DSDM. Aliyense akadakonda kuti yake ipambane. Koma adachokako osasankha njira ya munthu aliyense. Adangogwirizana pa mfundo zinayi: kuti anthu ndi kulankhulana kwawo n'zolemera kuposa malamulo a kagwiridwe ndi zipangizo, kuti pulogalamu yogwira ntchito iposa mulu wa zikalata, kuti kukhalira limodzi ndi kasitomala kuposa kukokana naye pa kontrakiti, ndi kuti zinthu zikasintha nawenso usinthe, osakakamira pulani. Adanenanso poyera kuti zikalata, mapulani ndi makontrakiti nazo n'zofunika, kungoti zimabwera pambuyo. Mzere umenewo inu mumaudumpha chifukwa kulemba kumakutopetsani. Pambuyo pake adawonjezera mfundo 12. Fufuzani monsemo: mulibe sprint, mulibe standup, mulibe timapepala tachikasu, mulibe satifiketi.

Musiyenso kutinyoza kuti a m'badwo wathu tidali anthu a waterfall, opusa okonza zonse pa pepala chaka chathunthu. Winston Royce, amene chithunzi cha masitepe otsika chija chimatengedwa m'pepala lake la 1970, adachenjeza m'pepala lomwelo kuti kudutsa masitepewo kamodzi kokha, kuyesa n'kumabwera kumapeto, ndi kudziitanira tsoka. Anthu adatenga chithunzi, chenjezo adalisiya. Matenda owerenga zithunzi zokha sadayambe ndi inu, koma mwawalera bwino.

Tsono funso loyamba, lomwe palibe mmodzi wa inu walifunsa, ndi ili: ntchito imakufikani motani? Musayankhe ndi pakamwa. Tengani kope, mulembe pempho lililonse limene lidalowa mwezi wathawu, adalibweretsa ndani, ndipo lidabwera mukulidziwa kapena lidangotulukira. Mukamaliza kulemba, theka la mkangano wanu likhala litatha lokha.

Scrum idapangidwira timu imene ingathe kusankha cholinga chimodzi n'kuchigwiritsitsa kwa nyengo yoikika yotchedwa sprint, yosapitirira mwezi. Ambiri amatenga masabata awiri. Mizu yake ili m'nkhani imene Hirotaka Takeuchi ndi Ikujiro Nonaka adalemba mu Harvard Business Review mu 1986, atayang'ana momwe makampani monga Honda, Canon ndi Fuji-Xerox ankapangira zinthu zatsopano: galimoto, kamera, makina okopera mapepala. Zinthu zoti palibe amene ankadziwiratu kuti zidzatha bwanji, choncho timu yaing'ono ya anthu a maluso osiyanasiyana inkayendera limodzi, kuyesa, kuona, kukonza. Schwaber ndi Sutherland adaifotokoza poyera mu 1995 ku Austin, Texas. Iwe mwamuna wanga, udakakhala pa maphunziro a masiku awiri n'kubwerako ndi satifiketi ya Scrum Master, waiika m'felemu, ndipo ndikuuyamikira mtima wako. Koma Scrum Guide ya 2020 ndi masamba 13 okha, ndipo ndikakuyang'ana m'maso ndikuona kuti sudafike tsamba lachisanu. Mmenemo akuti timu ikhale ya anthu 10 kapena kucheperapo. Akuti Product Owner, amene amanena kuti ichi chiyambe, icho chidikire, ndi munthu mmodzi, osati komiti. Kwanuko ndamva kuti alipo atatu: wa zamalonda, wa zachuma, ndi bwana wamkulu amene amakumbukira zinthu usiku n'kutumiza voice note. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga atatu? Musanalimbane za kutalika kwa sprint, pezani munthu mmodzi amene "ayi" wake amamveka mpaka ku ofesi ya pamwamba. Akapanda kupezeka, Scrum yanu ndi misonkhano chabe.

Ndiye tayang'anani m'kope muja. Ngati theka la sabata yanu limadyedwa ndi foni, uku system ya kasitomala yagwa, uku lipoti likufunika mawa m'mawa, uku wina waiwala password, pulani imene mumakonza Lolemba imakhala itafa pofika Lachitatu. Kenako sprint ikatha mumakhala pansi kulozana zala kuti sitidakwaniritse lonjezo. Lonjezo lanji, pamene mudalonjeza masiku amene si anu? Ntchito yobwera motero imafuna Kanban. David Anderson adayamba kuyesa maganizo amenewa mu 2004 ndi timu ina yaing'ono ya Microsoft yokonza ndi kusintha mapulogalamu akale, kumene mapempho ankadikira miyezi, ndipo buku lake lidatuluka mu 2010. Iye naye adatengera ku Toyota, kwa Taiichi Ohno, amene adachita chidwi ndi masitolo akuluakulu a ku America: pa shelefu amabwezerapo chokhacho chimene wogula wachotsa. Kanban siikuuzani kuti musinthe maudindo kapena muyambe misonkhano yatsopano. Imati yambirani pamene mulipo, ntchito yonse ionekere pa bolodi, ndipo muike malire a ntchito zimene zingakhale m'manja nthawi imodzi. Matimu ambiri ali ndi mitundu yonse iwiri ya ntchito, ndipo palibe wapolisi amene adzakumangeni mukasakaniza: awiri azilandira mafoni sabata ino, ena onse agwire cholinga cha sprint, sabata yamawa musinthane.

Pa malire paja ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa bolodi lanu ndidaliona. Mudatumiza chithunzi pa gulu la banja la WhatsApp, anthu 6 mutaima kutsogolo kwake, mano onse panja, zala ziwiri m'mwamba. Azakhali anu adaika timitima. Ine ndidavala magalasi n'kuchikulitsa chithunzicho. Mzere wa Done udali ndi timapepala tiwiri. Mzere wa Doing udali ndi 30, tina titakwerana, tina titatsikira pa khoma chifukwa bolodi lidachepa. Pakona padali kena kofwifwa, kopindika m'mphepete, kogwiriziridwa ndi selotepi chifukwa ulimbo wake udauma kalekale, inki itayamba kufufutika. Kapepala kameneko ndi munthu. Alipo wina kwinakwake amene adapempha chinthu mvula isanayambe, adauzidwa kuti tayamba kale, ndipo mpaka lero akudikira.

Mudapitako ku chigayo muli ana, musanayambe kudya ufa wa m'mapepala. Chigayo chimagaya mulingo womwewo pa ola, kaya pamzere pali matumba atatu kaya 30. Tsono taganizani wa chigayo wamtima wabwino, wosafuna kukhumudwitsa aliyense: athira chimanga cha uyu pang'ono, aimitsa, athira cha uyo, aimitsa, asesa, athira cha wina. Aliyense akamufunsa, akuti chanu ndayamba kale, mayi. Dzuwa likulowa, onse chimanga chawo chayambidwa, palibe wasenza ufa kupita kwawo, ndipo theka la tsiku lathera pa kuimitsa ndi kusesa. Masamu ake adawatsimikizira John Little mu 1961, ndipo ndi a ku pulayimale. Ngati mumamaliza ntchito 5 pa sabata ndipo m'manja muli nazo 30, ntchito iliyonse imatenga masabata 6 kuti ituluke, tikagawa mofanana. Mukatsitsa za m'manja kufika pa 10, imatuluka m'masabata awiri. Simudalembe munthu watsopano, simudagone mu ofesi, simudagule chipangizo. Mwangosiya kuyamba zinthu. Zimawawa, ndikudziwa, chifukwa kuyamba kumakoma, ndipo amene watsegula mawindo 12 pa kompyuta amaoneka wolimbikira kuposa amene wapita kukathandiza mnzake kumaliza. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Kaya musankha Scrum kaya Kanban, lembani nambala pamwamba pa mzere wa Doing, ndipo ikakwana, wofuna kuyamba china ayambe wathandiza kutulutsa chimodzi.

Za standup yanu sindichedwapo. Ndi mphindi 15, ndipo ndi ya ogwira ntchitowo, kuti agwirizane za tsikulo. Mafunso atatu amene mumawaloweza aja, dzulo ndidatani, lero nditani, chikunditchinga n'chiyani, adawachotsa mu Scrum Guide ya 2020. Kwanuko bwana amakhala pa mpando ndi kapu ya tiyi, inu chilili, mmodzimmodzi kupereka lipoti kwa iye, ola kutha, aliyense akukonza mumtima bodza lake m'malo momvera mnzake. Tembenukani muyang'ane bolodi, muyambire ku ntchito imene yatsala pang'ono kutha, mufunsane kuti ituluka bwanji lero.

Chimene chandikwiyitsa kwenikweni n'chakuti mkangano wonse uja palibe adatchula Extreme Programming, XP mwachidule. Mwaitaya chifukwa ilibe satifiketi yokongola ndipo imafuna thukuta. Idakulira pa ntchito yangayanga, ya malipiro: mu 1996 Kent Beck adaitanidwa ku Chrysler kukatsogolera pulogalamu ya malipiro a antchito yotchedwa C3, ndipo buku lake lidatuluka mu 1999. Scrum ndi Kanban zimakuuzani kayendetsedwe ka ntchito, koma sizikuuzani kalembedwe ka code. XP ndiyo imanena: lemba test usanalembe code, phatikizani ntchito yanu tsiku ndi tsiku osati kumapeto kwa mwezi, khalani awiri pa kompyuta imodzi pa zinthu zovuta, konzani code yosokonekera mukadali kuikumbukira, tulutsani pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Martin Fowler, mmodzi wa 17 aja, adachenjeza mu 2009 za matimu amene amatenga misonkhano ya Scrum n'kusiya luso la m'manja: poyamba amathamanga, kenako code imalimba, chilichonse akakhudza china chimathyoka, ndipo sprint iliyonse imabala zochepa kuposa yapita. Ndikakumvani mukuti gawo lakutilakuti sitiligwira, adalemba mnyamata uja adapita ku Johannesburg, ndimadziwa kuti mwafika kale pamenepo. Ndipo musaganize kuti ndikukugulitsani chithumwa. C3 yomweyo idaimitsidwa mu 2000 isanafikire antchito onse amene idayenera kuwalipira. Njira yabwino siitchinjiriza ntchito ku zonse.

Mugwirizanenso, molemba, kuti ntchito imatha liti. Mawu akuti "ikugwira pa laputopu yanga" ndisadzawamvenso pakhomo pano. Laputopu yako ili mu ofesi ya intaneti yothamanga ndi jenereta kuseri. Amene adzagwiritse ntchito pulogalamuyo ali pa kauntala ku boma lakutali, foni yake ndi ya mabatani kapena yogula kalekale, netiweki ikubwera n'kumapita. Kapepala kasamuke kupita ku Done pokhapokha mnzako waiwerenga code, ma test adutsa, yaikidwa pamene anthu enieni angaifikire, ndipo mwayesa kuti magetsi akazima munthu ali pakati potumiza ndalama, siimudula kawiri.

Tsopano juga yanu ija. Ndidakuonani pa khonde mukuponya makadi, 3, 5, 8, 13, ndidayesa mwayamba njuga, ndikufuna kuitana abusa. Akuti ndi planning poker. Chabwino, James Grenning adaiyambitsa mu 2002 ndi cholinga chabwino, kuti misonkhano yoyerekeza kukula kwa ntchito isamatalike ndipo wolankhulitsa asamapondereze anzake. Phindu lake lili pamene wina waponya 2 wina 13, n'kufunsana kuti iwe ukuona chiyani chimene ine sindikuona. Nambalayo payokha ilibe kanthu. Story points ndi velocity mu Scrum Guide mulibe n'komwe. Ron Jeffries, amene amaganiziridwa kuti ndiye adayambitsa story points, adalemba mu 2019 kuti ngati adalidi iye, akupepesa. Mwini wake kupepesa, inu n'kumaziika pa lipoti la pamwezi! Katswiri wa zachuma Charles Goodhart adaona kale mu 1975 kuti muyeso ukasanduka chinthu choti anthu azikakamizidwa kuchifikira, umasiya kunena zoona. Bwana akangoyerekeza matimu awiri n'kufunsa kuti bwanji awa apanga 40 inu 25, sprint yotsatira ntchito ya 3 isanduka 8, aliyense aombera m'manja, kasitomala salandira kanthu kowonjezera. Mukafuna zoyeza, Nicole Forsgren, Jez Humble ndi Gene Kim adapereka zinayi m'buku lawo la 2018 lotchedwa Accelerate: mumatulutsa kangati, code ikalembedwa imatenga nthawi yaitali bwanji kuti ifike kwa anthu, mwa zimene mwatulutsa n'zingati zimabweretsa vuto, ndipo zikagwa mumazidzutsa msanga bwanji. Zimenezo kuzinamiza n'kovutirapo.

Iwe wa Spotify, imirira anzako akuone. Mu 2012 Henrik Kniberg ndi Anders Ivarsson adalemba pepala lofotokoza momwe kampani ya ku Stockholm ija idagawira anthu ake m'magulu otchedwa squads, tribes, chapters ndi guilds. Iwo eni adanena m'pepala lomwelo kuti akungojambula momwe zinthu zidalili nthawi imeneyo, ndipo kuti pofika poliwerenga zidzakhala zitasintha. Adali ndi matimu oposa 30 m'mizinda itatu. Inu mulipo 8, kuwerengera ndi wa pa resepushoni, m'chipinda cha lendi chimodzi, ndipo ukufuna tribe. Fuko la anthu 8! Nawe wa chithunzi cha mabokosi, SAFe adaitulutsa Dean Leffingwell mu 2011 chifukwa cha makampani aakulu, ndipo gulu limodzi lokha mmenemo, lomwe amalitcha Agile Release Train, limakhala la anthu 50 mpaka 125. Njira zimenezi zimalimbana ndi vuto lenileni: anthu akachuluka, kumvana kumadula. Anthu 5 ali ndi njira 10 zolankhulirana awiriawiri, anthu 10 ali nazo 45, anthu 50 ali nazo 1,225. Fred Brooks, amene adatsogolera ntchito ya OS/360 ku IBM, adalemba mu 1975 kuti kuwonjezera anthu pa ntchito ya pulogalamu imene yachedwa kale kumaichedwetsanso. Inu vuto limenelo mulibe. Mukafuna kugwirizana, mutembenuze mipando.

Pali nkhani ina ya ku fakitale imene ndikufuna muisunge. General Motors idatseka fakitale yake ya magalimoto ku Fremont, California, mu 1982, ili ndi mbiri yoipa ya magalimoto olakwika ndi antchito ojomba. Mu 1984 idatsegulidwanso mogwirizana ndi Toyota pa dzina la NUMMI, ndipo ambiri mwa antchito adali omwe aja. Pasanapite nthawi yaitali magalimoto ake adali m'gulu la abwino koposa a General Motors. China mwa zimene zidasintha chidali chingwe cholendewera pamwamba pa mzere wa ntchito: wantchito aliyense, ngakhale wolowa dzulo, akaona cholakwika ankachikoka, mtsogoleri n'kuthamangira kudzathandiza, ndipo vuto likapanda kutha msanga mzere unkaima. General Motors idavutika zaka zambiri kuti zimenezi zigwire m'mafakitale ake ena. Chingwe aliyense angapachike. Chovuta n'chakuti wochikoka asaope kutukwanidwa.

Apa ndiye pali ife. Ndidakulerani ndi ulemu: kulandira ndi manja awiri, kugwada popereka madzi, kusayankha akulu akamalankhula. Sindikubweza ngakhale chimodzi, ndipo amene ayese kundiyankha lero aona. Koma ndikudziwa zimene zimachitika pa retrospective yanu, msonkhano woti muunike kagwiridwe kanu. Bwana alowa, akhala kutsogolo, afunsa kuti zidayenda bwanji. Zii. Kenako mmodzi akuti zidayenda bwino bwana, kungoti tilimbikire kulumikizana. Onse kugwedeza mitu. Mukatuluka, pa chiwaya cha tchipisi, m'pamene zoona zimatuluka: tsiku limene adalonjeza kasitomala n'losatheka, seva ija backup yake idasiya kugwira, mtsikana watsopano uja adaona vuto sabata yatha koma adaopa kunena. Amy Edmondson, pofufuza matimu a m'zipatala za ku America m'zaka za m'ma 1990, adapeza chodabwitsa: matimu oyendetsedwa bwino ndiwo ankalemba zolakwa zambiri. Sikuti ankalakwitsa kuposa anzawo, koma sankaopa kunena. Palibe Scrum, Kanban kapena XP imene ingagwire ntchito pamene nkhani yoipa imafika mochedwa, chifukwa zonsezi zidamangidwa pa kumva msanga kuti zalakwika.

Ulemu ndi chinthu china, mantha ndi chinanso, ndipo makolo athu ankadziwa kumuuza mfumu kuti yalakwa, iyo n'kuthokoza. Sindikuti mukaloze bwana chala. Akabwera ndi ntchito yake yamwadzidzidzi Lachitatu, muimirire, mumulandire, mupite naye pa bolodi: "Bwana, ntchito yanuyi tailandira. Pano m'manja tili ndi izi zinayi. Mutithandize nzeru, tiimitse iti kuti yanuyi ilowe?" Simudakane, simudanyoze, koma mtengo wa pempho lake wauona ndi maso, ndipo wosankha ndi iye. Kawirikawiri adzati imalizeni kaye iyo. Ndipo iwe amene wayamba kutchedwa team lead, mawu awa ndi ako kuposa onse: ukhale woyamba kunena pamene zakuvuta, ulankhule pomaliza, ndipo wobweretsa nkhani yoipa umuthokoze anzake akumva. Pa retrospective musatuluke ndi mndandanda wa zinthu 15 zoti musinthe. Chimodzi, chokhala ndi mwini wake, ndipo msonkhano wotsatira uyambe ndi kufunsa ngati chidachitika.

Chatsala ndi kontrakiti, imene mumaiiwala dala. Ntchito zambiri za mapulogalamu kuno zimabwera ndi tenda ya boma kapena ndalama za mabungwe othandiza, ndipo pepala limanena zonse pachiyambi: zopanga ndi izi, mtengo ndi uwu, tsiku ndi ili. Mungamate timapepala khoma lonse, pepala lija silisintha. Musadzinamize kuti muli ndi ufulu umene simudasainire. Koma mkati mwa mpanda womwewo muli malo. FBI ya ku America idataya pulogalamu yotchedwa Virtual Case File mu 2005 itawonongerapo madola pafupifupi 170 miliyoni, osagwiritsidwa ntchito. Yolowa m'malo mwake, Sentinel, idayamba mu 2006 ndi kontrakiti yaikulu, nayonso n'kuyamba kuchedwa ndi kudya ndalama. Mu 2010 adaitengera m'nyumba, kuipereka kwa timu yochepa kwambiri yogwira ntchito m'magawo a masabata awiri, kumaonetsa chogwira ntchito kumapeto kwa gawo lililonse, ndipo mu July 2012 idayamba kugwiritsidwa ntchito. Ngati ofesi ya boma yokonda zinsinsi chotero idatha, inu musandiuze kuti tenda yakumangani manja. Yambani ndi gawo limene likukuopsani kwambiri, osati tsamba la login chifukwa n'losavuta. Pokambirana kontrakiti yotsatira, pemphani kuti malipiro azitsata zigawo zogwira ntchito, osati malipoti, ndiponso kuti kasitomala aziloledwa kusinthanitsa chinthu china ndi china cha kukula kofanana popanda kubwerera ku komiti.

Ndipo pa sprint review musamaitane adayirekitala okha, amene amabwera ndi dalaivala, kuonera PowerPoint, kuombera m'manja n'kufunsa za alawansi. Itanani kalaliki amene adzakhale ndi pulogalamuyo kuyambira 7 koloko m'mawa, namwino wa ku chipatala chaching'ono, mayi wa pa kabenchi ka ndalama za pa foni. Mumulipirire thiransipoti. Mumukhazike pa mpando, mumupatse chinthucho m'manja, mumuuze kuti lembetsani munthu mmodzi monga mumachitira masiku onse, kenako mutseke pakamwa. Muyang'ane zala zake. Muona akufunafuna batani limene inu mumaliona ngati lili poyera, akudina kawiri pamene mumayembekezera kamodzi, akufunsa kuti nanga munthu wopanda tsiku lobadwa lodziwika ndimulemba bwanji, funso limene pa misonkhano yanu yonse palibe adaliganizira. Mulembe zonse, musadziteteze. Amene adzatambasule dzanja kumulanda mouse kuti amusonyeze pamene akadadina, ameneyo adzatsuka mapoto a Khirisimasi yekha, ndi a nyemba omwe.